Kulira kwa a Nachisale pa Wayilesi

Tazimitsani kaye wayilesiyo. Nkhani iyi sifuna kuti pambali pakhale chinanso cholankhula.

M'mudzi wa Chimkwita, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, munali mayi wamasiye, a Nachisale. Mwana anali naye mmodzi yekha, Yotamu, mnyamata wa ndevu zake kale, amene sukulu anaisiyira panjira n'kumaumba njerwa kudambo. A Nachisale analibe ng'ombe, analibe nyumba ya malata. Chimene anali nacho ndi mawu. Akaima pakhomo n'kuitana mbuzi zawo, ngakhale za eni ake kutsidya kwa mtsinje zinkadzutsa mitu.

Mlongo wawo, a Binisoni, ndiwo anali mwini mbumba, ndiye kuti munthu woyenera kuima kutsogolo choipa chikamabwera. Analinso mkulu wa gulu la zisudzo la m'mudzimo. Sewero lawo lotchuka analitenga m'kankhani kamene mphunzitsi wina anawawerengera: mnyamata apita ku migodi ku Joni, mayi ake adikira, adikira, kenako kumudzi kufika sutikesi yokha. Yotamu ankakhala mnyamata wopita ku Joniyo. A Nachisale ankakhala mayi ake, monga analilidi.

Sutikesi ija ikafika pabwalo, a Nachisale sankalira. Ankangoiyang'ana, n'kudzifunditsa chitenje kumutu, n'kugwa pansi khu! Basi. Bwalo lonse linkapukuta m'maso. Panalibe wofunsa kuti bwanji sakulira mokweza, chifukwa kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti pamudzi pamene sipanafe munthu, suyambitsa kulira kwa maliro. Kulira kumeneko kukatuluka sikubwerera m'kamwa. Kumapita kukafuna mwini wake.

Anali masiku amene wayilesi inali chinthu chachilendo. Chaka china, chimanga chitayamba kuuma, kunafika galimoto, m'katimo muli bambo wa tayi dzina lake a Matewere, atatenga makina ojambulira mawu okhala ndi matepi ozungulira ngati mbale. Anati amva mbiri ya gululo, ndipo akufuna kuika sewerolo pa wayilesi kuti dziko lonse limve. Mphatso yake inali pampando wa galimoto: wayilesi yatsopano, yonyezimira, ya gulu lonse. A Binisoni maso awo sanachokepo.

Anasonkhana m'kalasi ya pasukulu, mazenera atatseka ndi mabulangete. Pansi anaika lichero la timiyala loti wina azipondamo ngati munthu akuyenda.

"Ntchito imeneyi ine ndinakaiphunzira ku Ositireliya," anatero a Matewere akulumikiza nthambo. "Kumeneko anayamba kalekale kutenga masewero a pabwalo ndi tinkhani ta m'mabuku n'kumaika pa wayilesi. Lamulo lake ndi limodzi lokha. Womvera alibe maso. Chimene sichinamveke, ndiye kuti sichinachitike."

Sewero linayenda bwino mpaka pa sutikesi. A Nachisale anadzifunditsa chitenje, n'kugwa. A Matewere anaimitsa makina.

"Mayi, apa ndamva chiyani ine? Ngati thumba la chimanga lagwa pangolo."

Anthu anaseka. A Nachisale anadzuka akudzisasa fumbi.

"Ndi mmene timachitira, bambo."

"Pabwalo, inde. Pano lirani. Lirani monga mumalirira kumaliro, womvera ku Nsanje agwetse supuni."

"Wamwalira ndani?"

"Mwana wanu wa m'sewero, nanga ndani?"

"Wa m'sewero ndi uyu waima apayu. Ndi yemweyonso ndinabereka."

"Ndiye zakomatu!" a Matewere anawomba m'manja. "Ganizani kuti ndi iyeyu wagona m'bokosi. Muzimuitana. Zikatero ndiye zimamveka zenizeni."

A Nachisale anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, mukumva zimene akunenazi?"

A Binisoni anakanda kumutu, n'kusuzumira panja pamene panali galimoto.

"Chemwali, musatichititse manyazi pamaso pa alendo. Ndi sewero chabe ili. Kabokosi kameneka kakudziwa chiyani za kwathu?"

"Amayi, tiyeni tizipita," anatero Yotamu.

"Iwe, tseka pakamwa akulu akamalankhula," anamudula a Binisoni. "Gulu lonseli litaye wayilesi chifukwa cha mantha a mayi ako?"

A Nachisale anayang'ana mmodzimmodzi mwa anzawo aja, amayi amene ankatunga nawo madzi, abambo amene ankaimba nawo kutchalitchi. Aliyense anangoti zyoli, maso pa zala za kumapazi. Palibe anati ayi, musatero. Palibe ndi mmodzi yemwe.

Ndiye anamanga chitenje m'chiuno. Anamuyang'ana Yotamu nthawi yaitali, kenako anamufulatira, n'kuyang'ana kukhoma. Tepi itayamba kuzungulira anatsegula pakamwa.

Amene anamva kulira kumeneko safuna kukufotokoza. Kunayambira pansi, ngati mphepo yolowa pa mng'alu wa chitseko, n'kukwera, n'kukwera, mpaka mabulangete a m'mazenera anaoneka ngati akupuma. Ankadziguguda pachifuwa, di, di, di. Koma dzina limene ankaitana silinali la Yotamu, silinalinso la m'sewero. Ankaitana Esinati. Linali dzina lawo lomwe la paubwana, limene Yotamu anali asanalimvepo likutchulidwa mokweza.

Kuchitsime amayi anataya mitsuko n'kuthamangira kusukulu, manja ali kumutu. Anapeza a Matewere akuseka, akupukuta thukuta.

"Dzinalo si limenelo, komabe ndani adziwe? Mayi inu, muli ndi golide pakhosi."

Sewero linaulutsidwa Lamulungu lina masana. Mudzi wonse unadzaza pakhonde pa a Binisoni, pakuti wayilesi ya gulu ija inakakhala kwawo. A Nachisale okha sanapite. Anakhala kuseri kwa nyumba akusenda nandolo, koma kulira kutafika, kunawapeza komweko. Kunamveka pakhonde pa a Binisoni, kugolosale, kunyumba kwa aphunzitsi, kutsidya kwa mtsinje, kulikonse kumene kunali kabokosi kolankhula. Dziko lonse linamva maliro masana amenewo, koma wakufa panalibe.

M'mawa mwake Yotamu potuluka anapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu, uku ndi uku kwa nyumba yawo, monga timachitira pakagwa zovuta kuti odutsa atsike panjinga. Anaganiza kuti ndi ana. Anawatola n'kukawataya kutchire. Tsiku lotsatira anapezanso ena, mame ali mbuu. Atawayang'anitsitsa anazindikira kuti ndi a mitengo ya kumsitu wa kumanda, kumene munthu sathyola ngakhale chotokosera m'mano.

Mayi ake sanawauze. Ankalawirira kudakali mdima kukawachotsa, kuti akamadzuka apeze msewu uli woyera.

Kenako inayamba kusowa mikeka. Mkeka ausiya m'nyumba madzulo, m'mawa kuupeza kuseri kwa nyumba yawoyo, utayalidwa bwinobwino pamodzi ndi ya anthu ena a m'mudzi, mzere umodzi. Yotamu anaika dzanja pa umodzi. Unali wofunda. Tsiku lina pabwalo pawo panapezeka zipika zikuluzikulu za nkhuni, zija timasonkha pamaliro kuti moto ufike m'mawa. Palibe anaona wozibweretsa, ndipo pansi panalibe mkwasa wosonyeza kuti zakokedwa.

Anthu anayamba kulambalala nyumbayo. Opita kuchigayo ankazungulira njira ya kudambo. A Binisoni atauzidwa anati, "Ndi ansanje amenewo. Akuwawidwa mtima kuti tatchuka." Anakweza wayilesi.

Tsiku lina dzuwa likulowa, Yotamu akuchokera ku njerwa zake, anakumana ndi amayi angapo pamphambano. Ankayenda mondondozana, mitu yoweramitsa, nsalu zomanga m'chiuno. Mapazi awo anali otuwa ngati a anthu amene ayenda ulendo wa kutali kwambiri. Wa kutsogolo anaima, osadzutsa mutu.

"Zikomo, achimwene. Nyumba ya siwa ndi iti?"

"Kuno kulibe maliro, amayi. Mwasokera."

"Tamva kulira."

"Inali wayilesi imeneyo. Linali sewero."

"Ife tamva," anatero mayiyo, mofatsa, ngati akumupepesa.

Anamudutsa. Yotamu sanamve fungo la thukuta, sanamve mapazi. Agalu a m'mudzi, amene amauwa ngakhale mthunzi wa khwangwala, analowa pansi pa nkhokwe. Amayi aja anakakhala pansi pa mkuyu umene uli panjira ya kumanda, miyendo yotambasula, manja pamiyendo. Kutacha panalibe munthu, koma udzu unali wogona. Dzuwa likamalowa ankapezekaponso.

A Nachisale anayamba ndi kusasa mawu. Anati ndi chimfine. Anamwa mandimu, anamwa zitsamba, Yotamu anawakweza pangolo mpaka kuchipatala, kumeneko anawaunika pakhosi n'kunena kuti sakuona chilichonse. Mawu ankangophwa ngati madzi a m'chithaphwi mwezi wa Okutobala. Akaitana mbuzi, mbuzi zinkapitiriza kudya. Kenako thupi nalo linayamba kutsatira.

Madzulo ena Yotamu akuwamwetsa phala anafunsa chimene chinkamudya mumtima.

"Amayi, tsiku lija, bwanji munatchula dzina lanu?"

Anamuyang'ana, m'maso muli kakuseka kakale kaja. Anachita kuika khutu pafupi kuti amve.

"Ukanakonda nditchule la yani?"

Yotamu supuni inamugwa.

"Usatayitse phala. Pita ukatsekere mbuzi."

A Nachisale anamwalira masana, dzuwa lili paliwombo, anthu ali kokolola. Tsiku limenelo masamba pamsewu anayala ndi anthu.

Tsopano mumve chimene chinachitika pa maliro amenewo. Amayi anadzaza m'nyumba ya siwa, ena pakhonde. Woyenera kuyambitsa kulira anali mkazi wa a Binisoni. Anaika manja kumutu, anatsegula pakamwa, ndipo munangotuluka mpweya, fuu, ngati mvukuto wobooka. Anayesa wina. Chimodzimodzi. Anayesa wachitatu mpaka mitsempha ya pakhosi inaima, koma zii. Amayi a kutchalitchi anayambitsa nyimbo, ndipo inafera pa mzere woyamba. Anthu ankayang'anana, kukamwa kuli yasa. Wina ananong'ona kuti, "Analira kale. Tinamva tonse." Mnzake anamutsina.

A Nachisale anaikidwa m'manda mopanda mawu. Kunkangomveka makasu ndi dothi likugwa pabokosi. Yotamu anaima kumutu kwa dzenje, wouma gwa ngati njerwa yake yootcha. M'maso mwake munalibe dontho.

Koma kudya anadya. Izi ndiye zisaiwalike. Kukhosi kumene kunakana kutulutsa kulira sikunakane kumeza nyama ya mbuzi za a Nachisale. Anadya, anapempha mchere, ena anakulunga m'masamba kukapatsa ana. A Binisoni analankhula kumanda kuti mlongo wawo anatchukitsa mudzi. A Matewere sanabwere, mwina sanamve n'komwe.

Mwambo wa kumeta unachitika, abale anabalalika. Yotamu anatsala yekha m'nyumba. M'mawa mwake potsegula chitseko anapeza masamba aawisi pamsewu.

Amayi a pansi pa mkuyu sanachoke. Ndipo panawonjezereka china. Madzulo anthu akasonkhana pakhonde pa a Binisoni kumvera nkhani, kumbuyo kwenikweni, kumene kuwala kwa nyali kumathera, kunkaima munthu wofunda chitenje kumutu. Sankakhala pansi. Ankangopendeketsa mutu ngati akutchera khutu. Wayilesi ikazimitsidwa ankapezeka kugolosale, ikazimitsidwa ya kugolosale ankapezeka pazenera la aphunzitsi. Ana anauzidwa kuti asamacheuke. Akuluakulu anayamba kumvera wayilesi chapansipansi, zitseko zotseka. Palibe ankatchula kuti ndi ndani, koma Yotamu akamadutsa nkhani zinkaduka.

Iye anamuona kamodzi, chapatali. Anazindikira mmene phewa lakumanzere linatsikira, phewa limene linasenza nkhuni zaka zonse za moyo wake. Anafuna kuitana. Lilime linakana.

Anapita kwa a Sandalamu, mkulu wa adzukulu okumba manda, nkhalamba ya mano awiri imene inkaseka ndi aliyense, wamoyo ndi wakufa yemwe. Anawapeza akukhomera khasu mumpini.

"Ukabwere ndi mlandu wina, mphwanga, osati wa dzenje," anatero a Sandalamu asanapatsidwe n'komwe moni. "Dzenje lija tinakumba bwino. Ngakhale ine ndikanagonamo, kungoti mwini wake anafulumira."

"Nanga bwanji sakugona?"

A Sandalamu anaika khasu pansi. Kuseka kunachoka.

"Ine ntchito yanga ndi dothi. Koma ndaika anthu ambiri, ndipo sindinaikepo munthu wopanda womulira. Ngakhale wakuba amapeza azakhali ake. Mayi ako tinawakwirira, koma sitinawaperekeze. Kulira kwawo kunatsogola, kunakalowa m'kabokosi kaja. Ukuganiza kuti pamazenera paja akufuna nkhani za boma?"

Sabata yomweyo wayilesi inalengeza kuti Lamulungu masana ibwereza sewero la a ku Chimkwita, komaliza. Yotamu anadziwa tanthauzo la komaliza. A Matewere anali atanena okha tsiku lojambula kuti matepi ndi ochepa, sewero likabwerezedwa amajambulapo lina pamwamba pake. Likadutsa Lamulungu limenelo, kulira kwa mayi ake kudzafufutidwa, ndipo iwo adzakhala akuima pamazenera a anthu mpaka kalekale, kudikira chinthu chimene kulibe.

Anaganiza chinthu chimodzi: atenge wayilesi, akaiike pamtumbira, kulirako kukafike kwa mwini wake. A Sandalamu anapita kwa eni manda kukapempha njira, ndipo analoledwa. Yotamu anayenda khomo ndi khomo kupempha amayi kuti adzakhale nawo.

"Mwana akutentha thupi, Yotamu."

"Abusa akamva atidula, mwanawe."

"Ine kumanda masana a Lamulungu? Pepa, bambo."

Mayi wina, amene a Nachisale anamuchezera usiku wonse pamene ankabereka movutika, anayankhira m'kati osatsegula n'komwe chitseko.

Lamulungu litafika, pakhonde pa a Binisoni panali mtsuko wa thobwa ndi mipando. Anaitana anthu kuti adzamvere, akuti chikumbutso. Wayilesi inali pa tebulo, atayala kansalu koluka, mabatire atsopano. Yotamu anafika osaodira.

"Amalume, ndabwerera wayilesi."

"Khala pansi, mphwanga, timvere limodzi. Tunga thobwa."

"Ndikupita nayo kumanda."

Anthu anasiya kumwa. A Binisoni anaimirira.

"Wapenga? Katundu wa gulu ameneyu. Ukufuna alowe mphepo za kumanda, ndiye tidzamvere chiyani?"

"Wa gulu? Analipira ndani? Inu munalipira chiyani, amalume? Awa akhala apawa analipira chiyani? Munangoweramitsa mitu. Amayi anakuyang'anani, anakuitanani achimwene, inu maso ali pa galimoto."

"Iwe! Ukulankhula ndi ine?"

"Ndi inu nomwe. Mbuzi zawo munadya. Misozi yawo munagulitsa. Lero mukufuna muwamvere akudzilira okha, inu mukumwa thobwa?"

A Binisoni anakhalanso pansi.

"Ndinkafuna dziko limumve," anatero, mawu ali pansi. "Kuyambira tili ana, Esinati akaimba anthu ankaima panjira. Ndinkati afere m'mudzi muno osamveka? Ndinalakwa pamenepo?"

"Lamumva dziko. Nanga inu munamumva?"

Yotamu anaikumbatira wayilesi, kansalu n'kugwera pansi. Panalibe womugwira. Panalibenso womutsatira, kupatula a Sandalamu amene ankadikira panjira ndi ndodo yawo.

Kumanda kunali kozizira ngakhale dzuwa linali likadalipo. Mitengo ya kumeneko ndi yaitali, imatsekerana kumwamba. Mtumbira wa a Nachisale unali usanamere udzu. Yotamu anaika wayilesi kumutu, anapotokola kachitsulo, anagwada.

Sewero linayamba. Kunamveka timiyala ta m'lichero tija, kenako mawu a mayi ake, athunthu, onenepa, monga analili asanaphwe.

"Usaiwale bulangete, ati kumeneko kumazizira. Ndipo usakatengeko mkazi wopenta milomo, wamva?"

Anaseka. Kuseka kwawo kwenikweni, kuja kothera m'mphuno. Yotamu anagwira dothi ndi manja onse awiri. Anadzimva yekha akuyankha kuti, "Tsalani bwino, amayi," mopepuka, ngati mwana wopita kumsika.

Sewero linayenda. Inafika sutikesi. Mawu a a Binisoni, amene ankakhala wamthenga, anati, "Pepani, mayi, tabwera ndi katundu yekha."

Yotamu anatseka maso kudikira.

Wayilesi inangoti sii, ngati mvula ya kutali. Kenako munamveka di, di, di, chibakera chikugunda pachifuwa. Chibakera chokha. Mawu munalibe. Patapita kanthawi a Binisoni a m'kabokosi anati, "Tontholani, mayi. Tontholani, mudzivulaza," akutonthoza munthu amene sankamveka.

"Mulibemo," ananong'ona a Sandalamu, akuvula chipewa. "Kunatulukamo kale."

Yotamu anaigwedeza wayilesi, anaimenya m'mbali, anapotokola uku ndi uku. Sewero linatha, kunayamba nyimbo ya gitala. Anaizimitsa. Anainyamula m'mwamba kuti aiphwanye pamtengo, ndipo ali chinyamulire anamva masamba ouma kumbuyo kwake akuti tswa, tswa, kenako phee, monga amachitira anthu ambiri akamakhala pansi.

"Usacheuke," anatero a Sandalamu, nawonso maso ali kutsogolo. "Afika aja a pamkuyu. Koma awa sayambitsa, mphwanga. Mlendo sayambitsa maliro a eni ake, amangolandira. Amayamba ndi wa pakhomo."

"A pakhomo akana."

"Watsala mmodzi."

"Ine ndine mwamuna. Sindidziwa kalilidwe kake."

"Ndiye tikhala pano mpaka nane undikumbire langa, chifukwa mawondo angawa sabwereranso kawiri."

Yotamu anatsitsa wayilesi. Anayang'ana dothi lofiira lija. Anayesa, ndipo kunatuluka kachifuwa kouma, ngati ka mbuzi. Anayesanso, osatheka. Kumbuyo kunali chete, chete wa anthu odikira amene alibe kofulumirira.

Ndiye anasiya kuyesa. Anangoitana, monga ankaitanira akafika pakhomo madzulo atatopa, asanaone kuti ali kuseri kapena m'nyumba.

"Amayi."

Palibe anayankha. Ndipo kusayankhako ndi kumene kunamuthyola. Chinthu chimene chinali chitauma m'chifuwa mwake chiyambire tsiku la maliro chinang'ambika, n'kutuluka chokha. Sanali mawu okoma. Kunali kubangula kwa mwamuna wamkulu amene watsala yekha padziko. Anagwa chafufumimba pamtumbira, dothi m'kamwa, akuitana amayi, amayi, mwandisiyira yani, amayi.

Kumbuyo kwake analandira. Anayamba mmodzi, mawu oonda, okalamba, kenako wina, kenako onse pamodzi, kulira kwa amayi ambirimbiri, kuposa amene akanakwana pansi pa mkuyu uja. Kunadzaza msitu, kunatuluka, kunatsikira kumudzi. Akuti pakhonde pa a Binisoni anthu anathawa osamaliza thobwa, n'kukadzitsekera m'nyumba, kutseka ana makutu.

Pakati pa kulirako Yotamu anamva wina waima pafupi naye, kumanzere. Sanadzutse mutu. Anangoona m'mphepete mwa chitenje, pafupi ndi dzanja lake. Munthuyo sankalira. Ankang'ung'udza pang'onopang'ono, kopanda mawu, monga mayi amachitira ndi mwana wa kumsana. Anakhala choncho kanthawi. Kenako kung'ung'udzako kunayamba kusuntha, kulowera m'kati mwa msitu, ndipo olira aja anakutsatira, kunka kuchepa, kunka kuchepa, mpaka Yotamu anazindikira kuti akumva mphepo yokha.

A Sandalamu anavala chipewa. Anayesa kunena kanthu koseketsa, koma anangomina.

Pamene ankatuluka m'manda dzuwa linali litafiira. Pansi pa mkuyu panalibe munthu. Agalu ankauwa.

Atafika kumudzi anapeza a Binisoni ali okha pakhonde, pakati pa mipando yogwa. Yotamu anaika wayilesi pamapazi awo, dothi la kumanda lili m'mbali.

"Tinamva," anatero a Binisoni, osamuyang'ana. "Ndinafuna kubwera, mphwanga. Miyendo inakana."

"Mlongo wanu wapita," anatero Yotamu. "Amuperekeza alendo."

Kutacha msewu unali woyera. Mikeka inagona m'nyumba za eni ake. Pamazenera sipanaimenso munthu, ndipo anthu a ku Chimkwita anayambanso kukweza mawayilesi awo, n'kumauzana kuti zija zinatha zokha.

Yotamu anazindikira patapita masiku. Ali kudambo, akuponda dothi, anafuna kukumbukira mmene mayi ake ankatchulira dzina lake. Nkhope inabwera yonse, mpata wa m'mano, chipsera cha pachibwano, milomo ikuyenda. Koma mawu sanabwere. Anayesa kuseka kwawo, anayesa kukalipa kwawo, anayesa nyimbo imene ankaimba posinja. Zii. Mayi ake anapita nawo onse, osamusiyirako ngakhale kachidutswa.

A m'mudzi aja, amene anadzitsekera m'nyumba, iwo akuwakumbukira bwinobwino. Mpaka lero pamowa pamapezeka wina woti, "A Nachisale ankati chonchi," n'kuyerekeza mawu awo, anzake n'kumaseka kuti eya, ndi momwemo. Yotamu akamva zimenezo amanyamuka n'kuchoka. Sangathe n'kunena komwe ngati munthuyo akukhoza kapena akulakwitsa.